Kudula dambo ndi mapazi kapena kupalasa kayaki: kufikira agwape a sika ku Dorchester

Aliyense amene anasakapo agwape a sika ku Dorchester County, tsidya la kum'mawa kwa Chesapeake Bay ku Maryland, m'dziko la America, andivomereza kuti kuwombera ndi gawo laling'ono la ntchitoyi. Chovuta ndi kufika pomwe nyamayo ili, ndipo chovutitsitsa ndi kutulukamo nayo. Gwape wake ndi wamng'ono: mphongo imalemera pafupifupi makilogalamu 40, waukazi pafupifupi 30. Kwawo ndi ku Japan. Anafika kuno mu 1916 pomwe Clement Henry anamasula owerengeka pa James Island, kenako anasambira kupita kumtunda n'kukakhazikika m'bango ndi m'zithaphwi momwe agwape a whitetail, agwape enieni a kuno, sakonda kukhala. Kwa ife amene tinakulira pafupi ndi dambo, ndinganene kuti sika ndi mphoyo ya kuno, kusiyana kwake n'kwakuti dambo lake ndi la madzi a mchere, ndipo madziwo amakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku.

Malo a boma omwe ambirife timalowa ndi awiri: Blackwater National Wildlife Refuge, yomwe inakhazikitsidwa mu 1933 ndipo imafuna chilolezo chakechake pamwamba pa laisensi ya Maryland ndi sitampu ya sika, ndi Fishing Bay Wildlife Management Area yomwe ili m'manja mwa boma la Maryland. Konseku mlenje amakumana ndi funso limodzi: ndilowe wapansi nditavala ma wader, jombo zazitali zosalowa madzi, kapena ndipalase kayaki, kabwato kakang'ono kopepuka? Ndayesa zonse ziwiri ndipo ndili ndi mbali yanga.

Wapansi amayamba ndi mwayi wa thumba. Ma wader ofika pachifuwa, ndodo yolimba, tochi ya pamphumi, basi waimika galimoto m'mbali mwa Elliott Island Road n'kulowa. Palibe chomangirira padenga la galimoto, palibe kudikira pa doko. Koma ma wader enieniwo ali mitundu. Ofika m'ntchafu ndi opepuka ndipo mu September, nyengo ya uta ikangotsegulidwa, kutentha kumakunyengerera kuti uvale amenewo. Ine ndinawasiya. Dambo la kuno lili ndi maenje osaoneka: phazi lina laponda pa tsinde la udzu polimba, linalo lapita mpaka m'chiuno, madzi phwaa m'jombo, tsiku lathera pomwepo. Pa ofika pachifuwa, a neoprene, labala wochindikala, amafunda bwino mu December koma mu October umafika pamtengo womwe umakwera podikira nyama thukuta lili kamukamu, ndipo ukangokhala phee thukuta lomwelo limasanduka chisanu. Opyapyala otulutsa mpweya ndi abwino poyenda, koma bango lothyoka ndi minga ya greenbrier zimawaboola msanga. Chofunika pa onsewa ndi jombo yogwira mwendo ndi lamba womanga m'chiuno. Thope la Fishing Bay limayamwa. Tsiku lina ndinakoka mwendo, phazi linatuluka theka, jombo n'kutsalira pansi, ndipo ndinakhala pamenepo ndikugwedeza chidendene pang'onopang'ono, uta uli m'mwamba, udzudzu ukuchita phwando pakhosi panga.

Ubwino weniweni wa mapazi ndi wakuti umawerenga nthaka. Mikwaso ya sika m'bango ili ngati timakwalala topapatiza, tina n'tongokwana kuwerama. Umaona pomwe thope lavundulidwa kumene, pomwe mphongo yakumba dzenje n'kukodzamo m'nyengo yokwerana, pomwe yakhuza nyanga pa kamtengo. Wa pa kayaki zimenezi amazidutsa kutali. Kuipa kwake ndi phokoso ndi mtunda. Phazi lililonse limalira chofu, chofu, ndipo mamita 500 a m'thope amadya mphamvu kuposa makilomita atatu a panjira youma. N'chifukwa chake alenje apansi amaunjikana pa zilumba za mitengo ya loblolly pine zoyandikana ndi msewu. Loweruka la nyengo ya mfuti za gogodela, chapakati pa October pomwe mphongo zikuliza mluzu wawo wakuthwa uja m'bandakucha, ukafika mochedwa umapeza tochi zitatu zikukuthwanimira kuti pano pali kale munthu.

Apa ndiye pamene kayaki imapambana. Ukaitsitsa pa doko la Bestpitch pa mtsinje wa Transquaking, kapena pa Shorters Wharf, mu ola limodzi wafika pa kachilumba komwe wapansi sangalote n'komwe. Umayenda mwakachetechete, fungo lako silitsala m'mikwaso, katundu ali pabwato osati pamsana, ndipo umafika thupi lili louma. Agwape a kumeneko savutitsidwa kawirikawiri, moti amayamba kuyenda dzuwa lisanalowe, pomwe a pafupi ndi msewu amadikira mdima.

Koma kayaki ili ndi bwana wake, ndiye madzi. Madzi amatembenuka pafupifupi maola asanu ndi limodzi alionse, ndipo tchati cha pa foni chosonyeza nthawi yomwe madzi akwere ndi kutsika sichinena zonse, chifukwa mphepo ya kumpoto chakumadzulo ikaomba masiku awiri imakankha madzi kutuluka m'timitsinje, n'kusiya thope lonyezimira pomwe dzulo panali njira. Ndinaphunzira zimenezi movutikira. Ndinalowa masana madzi ali tho, ndinatsika mumtengo usiku n'kupeza kayaki itakhala pa thope ngati ng'ona yowothera dzuwa, madzi ali patali mamita makumi angapo. Kuikoka sikunatheke popeza thope la m'kamtsinje ndi lofewa kuposa la m'dambo. Ndinakhala pansi kudikira mpaka cha pakati pa usiku, kunyumba foni ikungolira. Onjezerani apo kuti mumdima timitsinje tonse timafanana, tokhotakhota, ndipo bango lalitali limabisa chilichonse chomwe ungagwiritse ngati chizindikiro. Popanda GPS ndi batire lapadera, musayerekeze. Jekete yoyandamitsa ivalidwe pathupi, isakhale chotsamira, ndipo nyali yoyera ikhale pafupi. Ndipo dziwani kuti kayaki sikuchotserani ma wader: mukatsika mudzapondabe thope. Ndiye mtengo wake ndi wa zonse ziwiri. Komanso kugudubuka m'madzi ozizira a December utavala ma wader si nkhani yoseka, chifukwa akadzaza madzi kukweranso m'bwato kumakhala ngati kunyamula thumba la chimanga ndi miyendo.

Pa za pokhalira sindichedwapo. Wa kayaki angathe kunyamula climber, mpando wokwera nawo mtengo uja, chifukwa kulemera si vuto ndipo loblolly ndi wowongoka. Wapansi atenge saddle, lamba wokhalira womangirira pamtengo, ndi timakwerero topepuka. Onse awiri ayang'anitsitse mtengo asanakwere, poti madzi a mchere apha mitengo yambiri m'mphepete mwa dambo, ina yaima chilili koma mkati inaola.

Chomwe chimandigamulira nkhaniyi ndi nyama ikagwa. Sika wolasidwa amathamangira m'bango lowirira, magazi amasungunuka m'madzi, ndipo kumupeza kokha kungatenge ola. Mukamupeza n'kumutumbula, makilogalamu otsalawo amamveka ochepa mukamawatchula pa khonde. Muwakoke m'thope lofika m'mawondo, usiku, uta kudzanja lina, mudzayamba kuwerenga mapazi khumikhumi n'kupuma. Chileyi cha pulasitiki chimathandiza kwambiri chifukwa chimatsetsereka pa thope ndi kuyandama pa madzi, koma chimakodwa m'bango. Wa kayaki amangokoka mpaka pagombe, kumangirira nyamayo pansi ndi pakati kuti bwato lisapendeke, n'kulola madzi amunyamulire. Kayaki yotakata, yokhalira pamwamba, imachita bwino ntchitoyi kuposa yopapatiza yolowa mkati.

Ndiye kwa mnzanga amene akungoyamba kumene, ndinganene kuti chaka choyamba alowe wapansi, pafupi ndi msewu, pakati pa sabata pomwe anthu ndi ochepa, aphunzire thope ndi mikwaso. Kayaki ibwere akadziwa kale kachilumba komwe akufuna, ndipo ulendo woyamba apalase masana, opanda uta, madzi ali otsika, aone ndi maso pomwe pamauma. Ine masiku ano m'mawa ndimalowa wapansi, popeza dzuwa limandiperekeza potuluka. Madzulo ndimatenga kayaki pokhapokha tchati chikusonyeza kuti madzi adzakhala akukwera dzuwa likamalowa, ndipo mphepo ya dzulo lake sinachokere kumpoto chakumadzulo.