The Tempest ya Arden: Buku Loyenera kwa Wofuna Kumvetsa Caliban

Wophunzitsa kapena wosewera Caliban, kapolo wa pachilumba m'sewero la Shakespeare la The Tempest, amayamba wapunthwa pa funso limodzi: kodi ameneyu ndi munthu kapena chilombo? Mabuku ambiri a The Tempest amangokupatsani mawu a Shakespeare n'kukusiyani pomwepo. La Arden Shakespeare (mndandanda wa mabuku a masewero ake okhala ndi zofotokozera), lokonzedwa ndi Virginia Mason Vaughan ndi Alden T. Vaughan, lomwe linatuluka mu 1999 n'kukonzedwanso mu 2011, funsoli limaligwira ndi manja awiri. Awiriwa analemba kale buku lathunthu la mbiri ya Caliban mu 1991, choncho nkhaniyi amaidziwa ngati kunsi kwa phazi lawo.

Mukalitenga, musayambire pa mawu oyamba, omwe amaposa masamba 100. Pitani pa 1.2, ndiko kuti gawo loyamba, kachigawo kachiwiri, pamene Prospero, mbuye wa Caliban, akufotokoza za mwana wa mfiti Sycorax, yemwe ndi Caliban yemweyo. Apa ndi pamene ambiri amasochera. Akamva mawu onena zosakhala ndi maonekedwe a munthu, amaganiza kuti akunena Caliban. Ayi ndithu. Tsatirani mabulaketi a m'mizereyo: Prospero akuti pachilumbapo panalibe wa maonekedwe a munthu kupatula mwanayo. Ndiye kuti Caliban ndi munthu. Wosewera akaphonya mabulaketi amenewa amathera mu chovala cha mamba, akubangula, omvera osamva liwu limodzi.

Nanga za nsombazi zimachokera kuti? Pa 2.2, Trinculo, chidakwa chimodzi mwa ziwiri za m'seweroli (china ndi Stephano), amupeza atafunda chofunda, amva fungo la nsomba yokhalitsa, koma iye yemweyo amabweza mawu n'kunena kuti si nsomba, ndi munthu wa pachilumba wowombedwa ndi mphenzi. Mayina ena ambiri achipongwe amatuluka m'kamwa mwa zidakwa ndi mwa mbuye wokwiya. Chongani ndi pensulo dzina lililonse limene Caliban akutchulidwa nalo, pambali pake mulembe amene walinena. Mukatero muona kuti umboni wa chilombo ndi wochepa kwambiri.

Chinanso chimene ndikuliyamikira bukuli n'chakuti mawu okalipira Caliban pa 1.2, aja omutcha kapolo wonyansa, lawasiya kwa Miranda, mwana wa Prospero, monga momwe zilili mu First Folio ya 1623, buku loyamba losonkhanitsa masewero a Shakespeare. Akonzi akale ankawapatsa Prospero poganiza kuti mtsikana sangalankhule mwaukali chotero. Koma Miranda ndiye amene Caliban anafuna kugwiririra, ndiyenso anamuphunzitsa kulankhula. Mawuwo akachotsedwa pakamwa pa Miranda, yankho la Caliban loti phindu la chilankhulocho n'kudziwa kutukwana limataya womulunjika. Ndipo mlandu wogwiririrawo usabisidwe pofuna kumuchitira chisoni. Caliban mwini saukana.

Mawu oyamba aja awerengeni pambuyo. Amakuonetsani mmene Caliban wakhala akusinthira: pambuyo pa Darwin ena ankamuona ngati wapakati pa nyani ndi munthu, Frank Benson ankakwera mtengo pa siteji atalumira nsomba, kenako kunabwera olemba ngati Aimé Césaire, amene mu 1969 anamuika kukhala munthu wolandidwa dziko ndi atsamunda. Kumapeto kwa bukuli kuli zolemba zomwe akatswiri amati Shakespeare anatengako nzeru: zigawo za kalata ya William Strachey yonena za sitima ya Sea Venture imene inasweka ku Bermuda mu 1609, komanso za nkhani ya Montaigne ya anthu odya anzawo, yomwe John Florio anaimasulira m'Chingerezi mu 1603. Simuvutikanso kuzisaka kwina.

Zolakwika zilipo. Zofotokozera za m'munsi mwa tsamba zili ndi zilembo zing'onozing'ono, ndipo pena zimadya malo ambiri kuposa seweroli. Palinso mizere ya zidule yosonyeza kusiyana kwa mabuku akale. Woyamba kumene aidumphe, ingomusokoneza. Chingerezi chake n'cha kuyunivesite. Vuto lalikulu limabwera poyeserera: manambala a mizere pa 2.2 ndi 3.2 sagwirizana ndi a mabuku ena, chifukwa Stephano ndi Trinculo amalankhula mawu wamba osati ndakatulo, ndipo mizere ya mawu wamba imadalira kukula kwa tsamba. Gulu lonse ligwiritse ntchito buku limodzi, apo ayi mudzataya nthawi mukusakana mizere.

Kusiyana komweko kuli ndi phunziro kwa wosewera. Zidakwa ziwirizo zikubwebweta, Caliban nthawi zambiri amalankhula mu ndakatulo. Pa 3.2, pamene akuuza anzakewo kuti asaope chifukwa chilumbacho n'chodzaza ndi maphokoso okoma osapweteka, mizere yake ndi ya mapazi asanu, ndiko kuti kugunda kasanu pa mzere, ngati ya Prospero yemwe. Iwerengeni mokweza, pang'onopang'ono, mukupuma kumapeto kwa mzere, ndipo liwu lobangula lija mulisiye kunja kufikira pamene akunena kuti atadzuka analira kufuna kulotanso.