Kosi ya m'kalasi kapena mnzake wa chaka chachitatu?

Wophunzira watsopano ku Bunda, kampasi ya yunivesite ya zaulimi ya LUANAR kunja kwa mzinda wa Lilongwe, angathandizidwe m'njira ziwiri. Kosi yophatikiza maphunziro osiyanasiyana imamuphunzitsa kulemba lipoti, kuwerenga ziwerengero ndi kugawa nthawi. Ili ndi mayeso, choncho ojomba ndi ochepa. Koma kalasi ikadzaza, wamanyazi amangoti phee kumbuyo.

Mnzake wa chaka chachitatu ndi nkhani ina. Amakhala naye pansi pa mtengo madzulo, notsi zakale zili pamiyendo, n'kumulongosolera chemistry m'Chichewa mpaka amvetse. Amamuuzanso za loni ndi nyumba zalendi zotchipa. Vuto lake, mayeso a mnzakeyo akayandikira amasowa. Ine ndimakondabe ameneyu, chifukwa mwana wochokera ku sekondale yoyendera (CDSS) amamufunsa mosaopa kusekedwa.