Star Adventurer 2i pojambula mlalang'amba wa Andromeda: ndemanga

Kachipangizo aka ka Sky-Watcher kali ndi ntchito imodzi: kutembenuza kamera pa liwiro limene nyenyezi zimaoneka ngati zikuyenda, kuzungulira kamodzi pa maola 23 ndi mphindi 56. Ntchitoyo kamaigwira bwino. Popanda iko, lenzi ya 135mm imangolola masekondi 2 kapena 3 pa chithunzi chimodzi, kupitirira apo nyenyezi zimasanduka timizere. Mukakakhazika bwino, masekondi 60 amatheka, ndipo m'pamene mizere yakuda ya fumbi ya mu Andromeda imayamba kuoneka, pamodzi ndi timilalang'amba tiwiri tapafupi, M32 ndi M110. Kuwala kumeneku kwakhala pa ulendo zaka 2.5 miliyoni, ndipo m'mphepete mwa mlalang'ambawu ndi kofooka kwambiri. Telesikopu siyofunika, poti Andromeda kumwambako ndi wotambalala madigiri pafupifupi 3, kuposa mwezi ka 6.

Pamene ambiri amagwa m'polozetsa polar scope, katelesikopu kakang'ono ka m'kachipangizoka kolunjikitsira pamalo pamene thambo limazungulirapo. Mukakhala kumpoto kwa equator mumalunjika pa nyenyezi ya Polaris, kumwera pa Sigma Octantis, kanyenyezi kozimiririka kofuna maso oleza. Mukaphonya pang'ono, nyenyezi zonse zimatalikira mbali imodzi pa chithunzi chilichonse. Lozetsani mutamangirira kale kamera ndi chitsulo cholinganiza kulemera. Mukayamba n'kulozetsa, kulemerako kumasuntha zonse. Amati kamanyamula makilogalamu 5, koma pojambula zakutali chonchi ndi bwino kusapitirira 3.

Kalibe GoTo (luso lodzipezera kokha zinthu zakumwamba), Andromeda mumamufuna nokha: yambirani pa nyenyezi ya Mirach, dutsani nyenyezi za Mu ndi Nu Andromedae, mwafika. Izi sindiziona ngati chilema, zimaphunzitsa thambo.

Zoikira za kamera zimene zimabala zipatso: f/2.8, ISO 800, RAW, zithunzi 90 za masekondi 60, usiku wopanda mwezi. Onjezani zina 20 za masekondi 10, chifukwa pakati pa mlalang'ambawu m'powala kwambiri, pamayera mbuu. Jambulaninso ma dark 20 (zithunzi zojambula lenzi itavundikiridwa) ndi ma flat 20 (zithunzi za malo owala mofanana ponseponse), kenako sanjikizani zonse mu pulogalamu ya pakompyuta ya Siril kapena DeepSkyStacker.

Mame ndiwo amaononga usiku mwakachetechete. Galasi likazizira, nyenyezi zimatupa pang'onopang'ono, choncho kulungani lenzi ndi lamba wotenthetsa wa USB. Mabatire 4 a AA amayendetsa kachipangizoka, koma kunja kukazizira power bank ya 5V ndiyo yodalirika. Lenzi ikapitirira 200mm mudzataya zithunzi zambiri, pokhapokha mutalumikiza autoguider (kakamera kokonza kayendedwe ka kachipangizoka) pa doko la ST-4, nayonso imakonza mbali ya RA yokha, ndiye kuti ya kum'mawa ndi kumadzulo.