Chiwaya cha wok chija ndi chabwino, koma shopu yomwe ndinagulako sindidzapondakonso

Ndakhala nacho miyezi itatu tsopano ndiye ndikhoza kulankhula. Ndi chiwaya chachitsulo chakuya chija amati wok, chogwirira chake chamtengo, ndinagula madola 18 pa shopu ina ya ziwiya ku downtown muno mu Harare. Ndinachifuna chifukwa ndimaweruka 5 koloko, ndikaima pamzere wa maminibasi aja amati kombi pofika kwathu ku Mufakose kwada kale, ana ali ndi njala, magetsi nthawi zambiri kulibe, ndipo nyama yophika mwakwathu yoti ibwate ola lonse imandithera gasi. Ndimafuna kumakazinga nyama ya ng'ombe ndi masamba mwachangu ngati mmene amaphikira anthu a ku China.

Tsiku loyamba ndinangochitsuka pang'ono ndi sopo, mafuta, nyama hafu kilo yonse khuthu. Abale inu nyama ija inamatirira pansi, ina inayamba kutuluka madzi nkumabwata m'malo mokazingika, ndipo pakudya imamveka fungo ngati la mafuta a makina. Bambo a kunyumba anangodya mpunga ndi masamba okha. Ndinachitsuka usiku omwewo nkuchisiya pa thandala kuti chiume, kudzuka m'mawa chonse chafiira ndi dzimbiri, chiwaya cha tsiku limodzi.

Loweruka ndinabwerera nacho ku shopu kuja, lisiti ili m'manja. Mtsikana amene anandigulitsa uja anali pa foni ndipo sanadzutse nkomwe mutu, ndinaima pamenepo mpaka ndinachita kumuyitana kawiri. Nditamuonetsa dzimbiri lija anangoloza chikwangwani cha pakhoma choti katundu akatuluka sabwezedwa. Ndinati chabwino ndalama zisiyeni, koma tandiuzani, chiwayachi n'chowonongeka kapena pali china chimene ndinalakwitsa? Anati iye ntchito yake ndi kugulitsa osati kuphunzitsa anthu kuphika. Kenako anatembenukira kwa mnzake wa pa till nkumanong'onezana akuseka, ndipo ndinamva ndi makutu angawa mawu aja oti mabhurandaya, onyozera anthu ochokera ku Malawi. Ine ndakhala muno mu Harare zaka 14, Chishona ndimachimva bwinobwino ngakhale lilime langa limandiulula kuti ndine wa ku Zomba, ndipo mawu amenewo ndikudziwa kuti sanenera chikondi. Ndinafunsa kuti abwana anu ali kuti, akuti atuluka. Ndinadikira pafupifupi theka la ola nditanyamula chiwaya chadzimbiri anthu akungondidutsa, palibe ngakhale mmodzi wa pa shopupo anabwera kudzandifunsa kuti mayi tikuthandizeni chani. Ndinatuluka misozi ili m'maso, osati chifukwa cha madola 18 ayi, koma chipongwe chija. Mu kombi monse mtima unkangowawa ndipo nditafika ndinachiponya kuseri kwa nyumba kuti mwina tizidzayikamo madzi a nkhuku.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi ndimafotokozera amayi anzanga nkhaniyi, ndiye amalume ena achikulire a ku Dedza amene anagwirapo ntchito yophika pa lesitilanti ya ma China kwa zaka zambiri anamva, anati mwanangu usataye chiwaya chimenecho, ndibwera masana ano. Anabweradi. Anachikwecha ndi waya wotsukira mapoto ndi sopo mpaka dzimbiri lonse linachoka, nkundiuza kuti ziwaya zimenezi zimachoka ku fakitale zitapakidwa mafuta oteteza dzimbiri ndipo ndi amene tinadya tsiku lija. Kenako anachiyika pa gasi moto wonse chopanda kanthu, akuchitembenuza mbali ndi mbali, chitsulo chija chinayamba kusintha mtundu kukhala ngati chabuluu ine ndili kuopa kuti chipsa. Chitazizira pang'ono anapaka mafuta ophikira ochepa kwambiri ndi kansalu, pamoto mpaka utsi, kupukuta, kupakanso, katatu konse, pomaliza anakazingamo anyezi ndi jinja mpaka kupserera nkutaya. Anati kuyambira lero ukamaliza kuphika uzitsuka ndi madzi otentha, uchiwumitse pamoto pomwepo, upake kadontho ka mafuta, usachisiyenso chonyowa. Zinthu zoti mtsikana uja akanatha kundiuza pa mphindi imodzi yokha.

Anandiphunzitsanso za nyama, ndipo apa mpamene ndinayamba kuchikonda chiwayachi. Ine sindigula nyama yodula ija amati super, ndimagula yotsikirapo mtengo ya commercial yomweyi kubutchala ya kwathu kuno, steak yopanda fupa. Amati uyidule mopyapyala modukiza mitsempha yake osati motsatira, ikakhala yozizira kwambiri imadulika bwino. Kenako kasoda pang'ono, yemweyu timathira mu therere, theka la kasupuni ka tiyi pa hafu kilo, isiye mphindi 20 nkuyitsuka bwino ndi kuyipukuta. Mukachulutsa soda nyama imamveka sopo ndiye samalani. Ikatero muthire soya sosi, adyo, jinja ndi supuni ya cornflour. Chiwaya chitenthe kaye mpaka kautsi kayambe ndiye mafuta, nyama muyike pang'onopang'ono magawo awiri kapena atatu, osati yonse nthawi imodzi chifukwa chitsulo chimazizira nkuyamba kutulutsa madzi aja ndinawona ine. Gawo lililonse mphindi ziwiri basi nkuphula. Masamba olimba ayambe, karoti ndi anyezi, kenako kabichi ndi green pepper, rape kapena mpiru umene kuno amati tsunga pomalizira, nyama ibwerere, soya sosi wina ndi timadzi pang'ono, mwatha. Nyama ya commercial imafewa ngati mwagula yodula. Mchere osathira musanalawe poti soya sosi ali kale ndi mchere wambiri.

Panopa masamba ndimagula Loweruka ku Mbare Musika nkudulira Lamulungu madzulo, ndiye mkati mwa sabata ndikafika ndimayamba kuteleka mpunga, ukamapsa ndiwo zapsanso. Mpunga wa Kilombero umene achemwali anga amanditumizira pa basi yodzera ku Nyamapanda umagwirizana nazo kwambiri ndi kafungo kake kaja. Bambo a kunyumba iwo amafuna nsima basi, ndiye ndimawonjezera timadzi kuti pakhale msuzi ndipo amadya osadandaula. Mwana wanga wamng'ono amene kabichi amamukana panopa amamaliza mbale. Gasi nayenso akukhalitsa kusiyana ndi kale, izi ndaziona ndekha.

Zovuta zilipo sindibisa. Pansi pake mpozungulira ndiye pa kasitovu kanga ka gasi kamagwedera, ndimachita kugwira chogwirira nthawi yonse ndipo ana sindiwalola kuyandikira. Sikulu ya chogwiriracho inakhwepa sabata yachitatu, tinamanga ndi mpeni. Utsi umakhala wambiri, mutsegule zenera. Komanso tsiku lina ndinaphikamo ndiwo za tomato wambiri, kudera kwakuda kuja kunayamba kusupuka ndinachita kupakanso mafuta kuyambira poyamba, ndiye za tomato ndimaphikira mu poto wanga wakale.

Poyamba ndimafuna ndilembe kuti musagule, koma likanakhala bodza, chiwayachi panopa chada bwino ndipo ngakhale dzira silimatirira. Chiwaya ndikuchipatsa nyenyezi 4, shopu ija 1 ndipo imodziyo ndi chifukwa katundu wawo ndi weniweni. Ndikamadutsa pa msewu umene uja ndimamuona mtsikana uja ali pa foni yake ndipo mtima umandipwetekabe. Mlamu wanga wa ku Epworth anadya kwathu sabata yatha nkundipatsa ndalama kuti ndikamugulire chake, ndayenda mashopu atatu ena sindinachipeze cha saizi imeneyi, ndamuuza adikire kaye ndifufuzebe kwina.