Yamaha AG200 yomwe inamira pa Freddy: miyezi 10 chidzukireni

Njinga yamoto iyi inamira m'madzi a namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 ku Muloza, kenako inakhala m'shedi zaka ziwiri osaigwira. Chiikonzereni yayenda miyezi 10 m'misewu ya m'minda ya tiyi pakati pa Limbuli ndi Chitakale.

Injini, yomwe aliyense ankaiopa, siyinavute kwambiri. Pisitoni inali itagwira ndi dzimbiri. Inamasuka atathira dizilo pabowo la pulagi masiku anayi, n'kumagwedeza tayala lakumbuyo pang'onopang'ono njinga ili m'giya yomaliza. Pisitoni ikagwira chonchi, musamenye kiki mwamphamvu, muthyola maringi ake. Maringiwo anasinthidwabe, ndipo oyilo wa 20W-50, lita imodzi, anasinthidwa katatu m'makilomita 500 oyamba chifukwa woyambayo anatuluka ngati tiyi wamkaka. Mpaka pano siyifuka utsi.

Mutu weniweni ndi thanki. Anaitsuka ndi manati ochepa ndi palafini, n'kuigoneka ndi vinega usiku umodzi, koma dzimbiri la m'makona linkangosadzukabe. Petulo wathu ngosakaniza ndi ethanol, yemwe amakoka chinyezi, ndipo kuno kwa chiperoni thanki yokhala theka imachita thukuta mkati. Zinyalalazo zimatseka jeti yaing'ono (kabowo kodutsira petulo) ya kabuleta: njinga imalira bwino ndi choko, mukaibweza yazima. Kafyuluta (kasefa) ka papaipi ya petulo kanathetsa zimenezi, bola kusinthidwa kakayamba kufiira ndiponso kumagoneka njinga thanki ili yodzaza.

Zomwe zinkaoneka zabwinobwino ndi zomwe zinadzatulukira mochedwa. Mabelingi a tayala lakumbuyo anayamba kulira mwezi wachinayi, poti madzi amatope anadutsa silu n'kuwononga girisi. M'chikwama cha tcheni munali mutaumira thope lomwe linadya masiproketi. Mvula itayamba, njinga inkazima popanda chifukwa. Zolumikizira mawaya zinali zitabiriwira, ndipo zinafunika kuzipala, kuzipaka girisi wa magetsi ndi kusintha chipewa cha pulagi.

Choopsa kuposa zonsezi ndi mabuleki. Shu (kachitsulo kokhala ndi chikopa kamene kamakhula dilamu ya tayala pogwira buleki) yomwe inanyowa imatha kumatuka chikopa chake pachitsulo, ndipo chikopacho chikakodwa m'dilamu, tayala limagwira mwadzidzidzi. Pa njinga iyi zinachitika ku tayala lakutsogolo, mwamwayi poyenda pang'onopang'ono. Mashu a njinga yomwe inamira asinthidwe onse tsiku loyamba, ngakhale akuoneka onenepa.