Dusty Baker kapena Dave Roberts: timu yanu mungaipereke kwa ndani?

Onse awiri ankasewera kumtunda kwa bwalo la baseball ku America, kumene munthu amathamangira mipira yomenyedwa m'mwamba. Onse anavalapo yunifomu ya Los Angeles Dodgers, ndipo atasiya kusewera anakhala makochi natenga chikho cha World Series, mpikisano womaliza wopeza akatswiri a chaka. Makochi akuda amene anachitapo zimenezi alipo atatu okha: iwowa ndi Cito Gaston wa Toronto. Kufanana kwawo kumathera pomwepo.

Pa nkhani ya kusewera palibe mkangano, Baker ali patali. Anasewera kuyambira 1968 mpaka 1986 ku Atlanta, Dodgers, San Francisco ndi Oakland, namenya ma home run 242 (home run ndi kumenya mpira mpaka kudutsa mpanda wa bwalo). Pa 8 Epulo 1974, Hank Aaron akumenya home run ya 715 yomwe inaposa chiwerengero cha Babe Ruth, yemwe panthawiyo palibe anali atamuposa, amene ankadikira kumenya pambuyo pake anali Baker. Mu 1981 anatenga chikho ndi Dodgers komanso mphotho ya Gold Glove, yopatsidwa kwa odziwa kugwira mpira. Roberts m'zaka zake khumi, 1999 mpaka 2008, anamenya ma home run 23 basi. Chuma chake chinali miyendo: anaba ma base 243 (kuba base ndi kuthamangira pa malo oimapo otsatira mpira usanamenyedwe).

Koma pali usiku umodzi. Mu Okutobala 2004, Boston Red Sox, komwe Roberts ankasewera panthawiyo, inali itagonja kale katatu kwa New York Yankees pa mpikisano umene wogonja kanayi amatuluka, ndipo mu inning (gawo la masewero) ya chisanu ndi chinayi ya masewero achinayi inkatsalira 4-3. Kevin Millar atafika pa base yoyamba, analowetsa Roberts kuti athamange m'malo mwake. Bwalo lonse linkadziwa kuti aba, ngakhale woponya mpira Mariano Rivera ankadziwa. Anaba ndithu, ndipo Bill Mueller atamenya, iye analowa. Boston inapambana masewero anayi otsatizana, kenako inatenga chikho chomwe inachiona komaliza mu 1918. Ku Boston mpaka lero Roberts ndi mwana wa pakhomo chifukwa cha masekondi ochepa amenewo.

Mkangano weniweni uli pa ukochi. Mukangowerenga zikho, Roberts wapambana: 2020, 2024 ndi 2025, pomwe Baker ali ndi chimodzi, cha 2022, chimene anachipeza ali ndi zaka 73. Komatu onani munda umene aliyense anapatsidwa. Roberts atachoka ku San Diego, komwe anali wothandizira kochi, analandira Dodgers mu 2016 ili kale timu yolemera yozolowera kupambana, katswiri woponya mpira Clayton Kershaw alimo. Kenako anamubweretsera Mookie Betts, Freddie Freeman ndi Shohei Ohtani. Baker analima minda isanu: San Francisco Giants, Chicago Cubs, Cincinnati Reds, Washington Nationals ndi Houston Astros, ndipo yonse anaifikitsa m'masewero a chikho, munthu woyamba kuchita zotero. Anapuma mu 2023 atapambana masewero 2,183. Ku Houston anamuitana mu 2020 timu itachita manyazi ndi mlandu woba zizindikiro za oponya mpira, anthu akuikuwiza kulikonse. Pankafunika mkulu woti anyamata abisale kumbuyo kwake, ndipo iye anaima pamenepo, kamtengo kotokosera mano kali kukamwa.

Amasiyananso kwambiri pa kagwiritsidwe ntchito ka oponya mpira. Baker amakhulupirira munthu. Akakudalira amakusiya m'bwalo, ndipo ku Chicago ambiri amamunenabe kuti anatopetsa mikono ya Mark Prior ndi Kerry Wood mu 2003. Roberts amamvera ziwerengero ndi alangizi a ku ofesi. Mu 2016 anatulutsa Rich Hill atatha ma inning 7 popanda mdani ngakhale mmodzi wofika pa base, ndipo mu 2022 anachitanso chimodzimodzi kwa Kershaw. Ine zinandiwawa, kunena zoona, chifukwa mwayi womaliza masewero onse motero suchitika kawirikawiri. Koma cholinga chake n'chomveka: mkono ufike Okutobala, mwezi wa masewero a chikho, uli wamoyo.

Okutobala yemweyo ndiye anamuzunza Baker. Mu 2002 Giants inkatsogola 5-0 m'masewero achisanu ndi chimodzi a World Series, chikho chili pakhomo, koma Anaheim inatembenuza zinthu. Chaka chotsatira Cubs inatsala ndi ma out asanu, kutanthauza kutulutsa osewera asanu a adani, kuti ifike ku World Series, n'kugwa kwa Florida Marlins. Naye Roberts ali ndi zipsera: anagonja m'ndime yomaliza mu 2017 ndi 2018, ndipo mu 2022 timu yake itapambana masewero 111 inatulutsidwa msanga ndi San Diego. Awiriwa atakumana maso ndi maso mu 2016, Dodgers ndi Nationals, anafika masewero achisanu, ndipo Roberts analimba mtima n'kuitana Kershaw, amene anali ataponya masiku awiri okha m'mbuyomo, kuti atseke. Baker anabwerera kunyumba.

Ndiye mungasankhe ndani? Ngati muli ndi thumba la Dodgers ndi gulu la akatswiri ofuna wowagwirizanitsa popanda phokoso, tengani Roberts, ndipo musamvere onena kuti aliyense angathe ntchito imeneyo. Matimu olemera ogonja alipo ambiri. Koma timu yanga itakhala yosweka, anyamata atataya mtima, ine ndingaimbire Baker. M'chaka chake choyamba, 1993, anatenga Giants imene inali itangopambana masewero 72 n'kuifikitsa pa 103. Tsoka lake, Atlanta, imene inali m'gulu lomwelo, inapambana 104, ndipo nthawi imeneyo wachiwiri ankangopita kwawo.