Lichess pa foni: chida chabwino pophunzira magemu olepherana, bola osakhulupirira 0.0

Pa mpikisano wa ukatswiri wa amayi padziko lonse wa tchesi mu 2023, Ju Wenjun ndi Lei Tingjie anasewera magemu 12 ku Shanghai ndi ku Chongqing, ndipo 9 mwa magemuwo analepherana. Anayi oyambirira onse anatha opanda wopambana. Magemu otere ndiwo amaonetsa ngati pulogalamu yophunzirira ili ndi phindu, ndipo Lichess, pulogalamu yosewerera ndi kuphunzirira tchesi, imakhoza mayesowa. Ndi yaulere, ilibenso zotsatsa malonda.

Pezani PGN ya gemu (malemba a zisuntho zake zonse), muilowetse pa Import game, kenako muzimitse Stockfish, injini yomwe imasanthula gemu, musanayambe. Sunthani nokha, muziyerekeza chomwe mukanasewera, ndipo muyatse injiniyo pokhapokha mwafika kumapeto. Ambiri amalakwitsa apa: amaona injini ikuonetsa 0.0 kuyambira pakati mpaka pothera n'kunena kuti munalibe kanthu. Nambalayo imangotanthauza kuti onse akasewera mosaphonya palibe wopambana. Siikuuzani kuti mbali ina inali ndi njira imodzi yokha yopulumukira pomwe inzake inali ndi zisanu.

Chokoma kwambiri ndi tablebase, nkhokwe ya mathero a magemu owerengeredwa kale. Zidutswa zikatsala 7 kapena kucheperapo, imakuuzani motsimikiza kusuntha komwe kukusunga kulepherana ndi komwe kukugwetsani. Yesani rook ndi bishop kulimbana ndi rook yekha. Nthawi zambiri pamayenera kulepherana, koma woteteza akangoika mfumu m'mphepete mwa bolodi molakwika, zake zada lisanamupulumutse lamulo loti gemu yalepherana aliyense akasuntha ka 50 popanda kudya chidutswa kapena kusuntha pawn.

Vuto ndi la kwathu kuno. Tablebase ndi Request a computer analysis (kupempha makompyuta a Lichess asanthule gemu yonse) zimafuna intaneti, ndiye kumene netiweki imadukaduka, monga m'midzi ya m'munsi mwa phiri cha ku Likhubula, bolodi imangokuyang'anani. Lowetsani magemu muli pa Chitakale kapena pa Luchenza. Zisunthozo ndi malemba chabe, sizidya bandulo ngati mavidiyo. Stockfish yoyendera pa foni pomwepo imatenthetsa foni yotchipa n'kumaliza batire msanga, ndipo siiwerenga mozama, choncho ichepetseni ionetse mzere umodzi wa zisuntho m'malo mwa itatu, makamaka tsiku lomwe magetsi athima.

Chomwe Lichess siichita ndi kufotokoza chifukwa. Imaika zizindikiro monga ?! (kusuntha kokayikitsa) kapena ?? (kulakwitsa kwakukulu) n'kuonetsa kusuntha komwe kukanakhala bwino, basi. Kuti ana a kalabu ya pasukulu amvetse chomwe osewera anabwerezera malo omwewo katatu kuti alepherane, pafunika mphunzitsi ndi bolodi yamatabwa patebulo.